Mwala wa m'Bafa

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene bambo anga anaganiza zosonkha moto pakhonde la matabwa. Aliyense amene anamva maganizo amenewa anaseka. Amayi anga okha ndi amene sanaseke. Anangofunsa kuti nyumbayo ikapsa tikagona kwa yani.

Tinkakhala ku Nayuchi, pafupi ndi siteshoni, kumene njanji imalowera ku Mozambique, ndipo bambo anali ndi tiyirumu. Kwathu kuja madzi a mvula alibe kothawira, akagwa amangokhala pomwepo mpaka dzuwa liwamwe. N'chifukwa chake khonde la tiyirumuyo analikweza pa mizati n'kuyalapo matabwa, kuti anthu asamamwe tiyi mapazi ali m'matope. M'dzinja khondelo linkatisunga bwino. Koma ikafika Juni, mphepo ya kudambo inkalowa m'mipata ya matabwa n'kumaluma anthu m'miyendo. Odikira sitima ankamwa tiyi wawo mothamanga n'kupita kukaotha moto kuseri kwa golosale ya munthu wina, ndipo masikono ankagulira komweko. Zimenezi zinkawadya bambo mumtima.

Zaka zimenezo nkhondo inali itavuta tsidya lina la malire. Mphepo ikamachokera kum'mawa tinkamva mfuti patali, ndipo anthu ankawoloka ndi mitolo pamutu, ena opanda ngakhale mtolo. Kuno kwathu chipani chinali chimodzi. Nkhani za malire anthu ankazilankhula motsitsa mawu, atayamba ayang'ana kumbuyo.

Mmodzi mwa anthu amene anawoloka anali a Muhiwa, bambo wachilomwe, wamfupi, wa imvi m'mbali mwa makutu. Kwawo ankamanga mauvuni a buledi. Anafika ndi akazi awo ndi kamwana kakumbuyo, ndipo bambo anawalola kumanga chisakasa kuseri kwa dimba lathu. Iwo anali Akhristu, ife Asilamu, koma pa nkhani ya ntchito bambo sankafunsa kuti munthu amapemphera tsiku liti. Anawaitana n'kuwafunsa ngati moto ungakhale pa matabwa osawatentha. A Muhiwa anati n'zotheka, bola womangayo asafulumire.

Tsiku loyamba sanagwire kanthu. Anangoyenda pakhondepo akugogoda matabwa ndi chidendene, kenaka n'kuyang'ana kudenga nthawi yayitali. Anauza bambo kuti udzu umene unalendewera pangodya ya kum'mawa udulidwe, pamwamba pake pakhomedwe lata, ndipo motowo utalikirane ndi khoma masitepe atatu a munthu wamkulu. Bambo anadandaula kuti pangodyapo ndi pamene pamakhala benchi yawo yabwino. A Muhiwa anawayankha kuti benchi angathe kuisuntha okha ndi dzanja limodzi, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Popeza ndinali mwana wamkulu, ntchito ya dothi inagwera ine. Ndinatuta mchenga ndi ndowa. Ndinakumba dothi la pachulu n'kuliponda ndi mapazi tsiku lonse, titalisakaniza ndi mchenga ndi mankhusu a mpunga, mpaka miyendo inachita dzanzi. Ndinkadandaula mokweza kuti aliyense amve, chifukwa pakamwa panga sipankatsekeka masiku amenewo. A Muhiwa ankangomwetulira n'kupitiriza zawo.

Poyamba anayala njerwa pa matabwa m'mizere inayi, n'kusiya mipata yoti dzanja lilowe. Pamwamba pa njerwazo anagoneka chitsulo chimene anadula kunsi kwa mgolo, chokhala ndi mkombero wake. M'chitsulomo anathira mchenga wouma wofika pamfundo ya dzanja langa, ndipo pamwamba pa mchengawo anatsendera dothi lija.

"Mipata iyi usadzaitseke, mwanaka," anatero, akundionetsa ndi chala. Mwanaka ndiye kuti mwana wanga m'chilankhulo chawo, ndipo sankanditchula dzina lina. "Ndi modutsa mphepo. Moto ukamayaka pamwambapa, uzilowetsa dzanja pansi n'kugwira thabwa. Likakhala lofunda ngati pamene pachoka nkhuku, palibe vuto. Likakuotcha, zimitsa, ngakhale tiyi asanawire."

Anaikanso ndowa ya mchenga pambali, n'kulamula kuti isamachoke pamenepo ngakhale amayi ataifuna yotungira madzi.

Chotsala chinali mpanda wozungulira, woti makala asamagubudukire pa matabwa. Ku Nayuchi miyala kulibe, kupatula ya panjanji, ndipo kutola mwala panjanji zaka zimenezo unali mlandu wokufikitsa kutali. Ndiye a Muhiwa anaumba njerwa zawozawo zopindika, khumi ndi zinayi, n'kuziotcha m'dzenje ndi mankhusu. Ziwiri zinasweka pootcha. Zinatsala khumi ndi ziwiri, zongokwanira kutseka mpandawo, popanda yapadera.

Ine ndi nzeru zanga za pakamwa ndinati, "Bwanji osangoikapo miyala? Amayi ali ndi mwala wabwino m'bafa."

Mwala umenewu unali ndi mbiri yake. Amayi kwawo kunali ku Rivirivi, ku Balaka. Pokwatiwa anamva kuti kumene akupita kulibe miyala, ndipo analumbira kuti sangakhale ndi zidendene zong'aluka ngati akazi a kudambo. Anatola mwala mumtsinje, wakuda, waukulu ngati buledi, wosalala mbali imodzi, mbali inayo wokhakhala, n'kukwera nawo sitima pamodzi ndi sutikesi. Tonse m'nyumba tinkatsukira mapazi pamwala umenewo. Kuyambira tsiku limene unafika sunaumepo.

A Muhiwa atamva kuti ndi wa mumtsinje, anasiya kumwetulira. Anapukuta manja pa kabudula wawo n'kundiyang'ana.

"Iyayi, mwanaka. Mwala wa m'madzi umamwa madzi. Kunja ungaoneke wouma, koma m'mimba mwake muli madzi. Ukauika pamoto madziwo amawira, amasowa potulukira, ndiye mwalawo umaphulika. Kwathu ndinaona munthu atataya diso."

Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima ndinkaseka. Mwala n'kumwa madzi? Ndinaziika m'gulu la zinthu zimene akulu amanena poopseza ana, ngati zoti usakhale pamtondo.

Mpandawo anaumanga Lachinayi madzulo, njerwa zija atazilumikiza ndi dothi laliwisi. Anati m'mawa mwake ndidzazire, m'kati ndi kunja, chifukwa kuzira ndi ntchito ya manja achikazi. Anandichenjeza kuti pasakhale wopondapo.

Lachisanu masana bambo anapita kumzikiti, amayi anapita kukasinja mpunga kwa anzawo, a Muhiwa anali kudimba. Ndinatsala ndekha ndi beseni la dothi. Ife ana a kusiteshoni tinali ndi masewera oyenda pamwamba pa chitsulo cha njanji manja titatambasula, ndipo ine ndinali katswiri. Nditaona kampanda kozungulira kaja, miyendo inandiyabwa. Ndinati ndizungulire kamodzi kokha. Pa sitepe yachinayi njerwa imodzi inapendekeka, inagubuduka pa matabwa, n'kugwera pansi pamene panali chitsa. Inasweka patatu.

Bambo anali ndi chikwapu cha chikopa chimene chinkakhala kuseri kwa chitseko, ndipo ndinkachidziwa bwino. Kuumba njerwa ina n'kuiotcha kukanatenga sabata yonse, pamene bambo anali atauza kale makasitomala awo tsiku loyamba kuotha. Ndinatola zidutswazo n'kukaziponya m'chithaphwi. Kenaka ndinathamangira kubafa.

Mwalawo unalowa pampata paja ngati anachita kuuyeza. Ndinaupukuta ndi chitenje, n'kuusiya padzuwa kanthawi kochepa kuti ndidzinamize kuti wauma. Ndinaumata dothi lochindikala, n'kuzira mpanda wonse mosamala kuposa mmene ndinagwirirapo ntchito ina iliyonse. A Muhiwa atabwera anazungulira kawiri, anasisita ndi chikhatho, n'kuuza bambo kuti mwana wawo ali ndi manja abwino. Ndinanyadira. Ndikulemba zimenezi ndi manyazi, koma ndi zoona, ndinanyadira.

Madzulo ake amayi anafunsa za mwala wawo. Ndinati mwina anatenga ndi amayi apaulendo amene ankapempha kusamba kwathu podikira sitima. Amayi anatukwana akuba a pasiteshoni masiku awiri athunthu, ine ndikuwathandiza.

Chitofucho, pakuti ndi mmene anthu anayamba kuchitchulira, chinauma sabata imodzi. Kenaka a Muhiwa anayamba kuchizoloweza moto pang'onopang'ono, tsiku loyamba zitsononkho zochepa, tsiku lachiwiri timitengo. Nthawi iliyonse ankalowetsa dzanja pansi n'kugwira thabwa. Ine ndinkaima patali ndikuyang'ana mbali imene ndinkaidziwa. Sipanachitike kanthu. Pofika tsiku lachitatu ndinali nditatsimikiza kuti bambo aja ankangondiopseza, ndipo ndinayambiranso kudya bwino.

Tsiku la moto waukulu linali la sitima. Kunacha ndi chifunga, kukuzizira kolowa m'mafupa. Bambo anali ataitanitsa nkhuni za tsanya kuchokera ku Liwonde, zimene zimayaka ndi ukali, ndipo anazisanja mosaumira. Khonde linadzaza. Panali amayi a madengu a nsomba zouma, abambo a njinga, ndi fungo la tiyi wa mkaka losakanikirana ndi utsi. Bambo ankayendayenda nkhope ili ngwee.

Dzuwa litakwera pang'ono anafika a tcheyamani a chipani m'dera lathu, ndi anyamata awo awiri amene ankaona ngati apaulendo ali ndi makhadi a chipani. A tcheyamaniwo anali munthu wamkulu thupi, wa jekete lakuda ndi mawu ofika kutali. Bambo anawapatsa mpando wapafupi ndi moto. Anatambasula miyendo n'kuyamba kuuza anthu kuti nkhondo ya tsidya lija isawaopse, chifukwa ikadzayerekeza kuwoloka idzapeza iwo ataima pamalire. A Muhiwa anakhala pamasitepe, monga mwa chizolowezi chawo. Sankakhala pabenchi pakakhala eni dziko. Ine ndinali pakhomo ndi thireyi ya makapu.

Kuphulikako sindingathe kukufotokoza bwino. Ndinakumva m'mano. Ketulo inadumpha n'kugwa chagada, makala anamwazika pakhonde lonse, phulusa linadzaza m'maso. Mayi wina anakuwa kuti, "Nkhondo!" ndipo anthu anabalalika, ena kulowera kudambo, ena kugwa ndi njinga zawo. A tcheyamani analumpha pakhondepo, anatera m'ngalande, n'kukwawira pansi pa matabwa.

Munthu mmodzi yekha sanathawe. A Muhiwa ananyamula ndowa ya mchenga n'kuyamba kuthira pa makala, ena akuwapondaponda ndi mapazi opanda nsapato. Pamene anthu ankabwerera mmodzimmodzi, moto unali utazima. Matabwa anangodetsedwa apa ndi apo. Palibe amene anafa, palibe amene anataya diso.

A tcheyamani anatuluka pansi pa khonde jekete lili matope okhaokha, nsapato imodzi palibe, magazi akutsika kuchokera kukhutu kumene kachidutswa kanawacheka. Mmodzi wa amayi a nsomba aja anawayang'ana, anayesa kudzigwira, koma kanamupulumuka kaphwete. Enanso awiri anabisa nkhope m'zitenje. Ndinaona nkhope ya a tcheyamani ikusintha, ndipo ngakhale ndinali mwana ndinadziwa kuti wina alipira chifukwa cha kuseka kumeneko.

"Anamanga chinthu ichi ndani?" anafunsa.

"Ndine, bwana," anayankha a Muhiwa.

"Munaikamo chiyani?"

"Dothi, mchenga ndi njerwa, bwana. Basi."

"Dothi limalira ngati mfuti?"

Mmodzi wa anyamata aja anati, "Ndi chipolopolo chimenechi. Anthu awa amawoloka nazo. Amadziwa kuti bwana akhala pamenepa."

A Muhiwa anawerama pa mpanda pamene panabooka. Anatola kachidutswa kakuda, kosalala mbali imodzi, n'kukatembenuza m'manja.

"Ndi mwala uwu, bwana. Si chipolopolo ayi."

"Mwangonena kumene kuti munaika dothi ndi njerwa zokha. Tsopano mwala wachokera kuti? Anauika ndani?"

Apa a Muhiwa anatembenuka n'kundiyang'ana. M'maso mwawo munalibe ukali, ndiponso sankandipempha. Ankangodikira. Mawu ndinali nawo, anali pa lilime penipeni: ndi mwala wa amayi, ndinauika ndine. Koma ndinaona anyamata aja, ndinaona magazi pakhosi pa a tcheyamani, ndinaona bambo anga ataima ngati mtengo, ndipo ndinakumbukira chikwapu cha kuseri kwa chitseko. Inde, pa nthawi ngati imeneyo ine ndinkaganiza za chikwapu. Ndinayang'ana pansi.

"Sindikudziwa, bwana," anatero a Muhiwa. "Koma womanga ndine."

"Mwaona? Akusintha mawu," anatero mnyamata uja.

A Muhiwa anawamanga manja kumbuyo ndi chingwe cha pa dengu la nsomba. Bambo anayesa kunena kuti munthuyu ndi wofatsa, koma a tcheyamani anawafunsa kuti, "Che Saidi, mukufuna mupite naye limodzi? Pajatu amagona pamalo panu." Sitima itafika masana anawakweza a Muhiwa m'bogi la kumapeto. Akazi awo anathamanga m'mbali mwa njanji, mwana akudumphadumpha kumbuyo, mpaka anagwa pa miyala.

Madzulo amayi akusesa pakhonde anapeza zidutswa zina pansi pa benchi. Anazitola n'kuzipukuta ndi chala. Kenaka anandiitanira kubafa.

"Patuma," anatero motsitsa mawu, "mwala wanga unabedwa ndi amayi apaulendo?"

Ndinayamba kulira ndipo ndinaulula zonse. Ndinkayembekezera khofi, ndipo ndikanalilandira mosangalala. M'malo mwake anandigwira pakamwa ndi dzanja lawo lonunkha phulusa, mwamphamvu mpaka mano anandipweteka.

"Wamva zimene anawauza bambo ako? Ukatsegula pakamwapa adzati bambo ako anatuma mwana. Adzawatenga. Tidzatsala ndi ndani? Wallahi, ukanena kwa munthu, sindine mayi ako."

Ankalira polankhula zimenezi. Zidutswazo anazikulunga m'kansalu n'kukaziponya m'chimbudzi. Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse ankapatula mpunga m'mbale n'kundituma kuti ndikapereke kwa akazi a a Muhiwa. Sindikudziwa ngati ankadziwa kuti akundilanga. Ndinkagwada pakhomo la chisakasa chija, mayiyo n'kumandithokoza ndi manja awiri.

Sitima ikalira ndinkasiya chilichonse n'kuthamangira kusiteshoni, kukayang'ana anthu otsika mmodzimmodzi mpaka womaliza. Ndinkadziuza kuti kubomako kuli anthu ophunzira, adzaona kuti palibe chipolopolo, adzawabweza. Sitima zitatu zinabwera n'kubwerera.

Tsiku lakhumi m'mawa, nditasiya mbale ya mpunga, sindinabwerere kunyumba. Ndinalunjika kwa a tcheyamani. Ndinawapeza pakhonde pawo akumvera wailesi, khutu litamatidwa pulasitala. Ndinagwada patali n'kufotokoza kuyambira pa njerwa yosweka mpaka pa mwala wa ku Rivirivi. Ndiyenera kuwanenera zoona, anandimvetsera mpaka kumapeto. Anachepetsa ngakhale wailesi.

"Mwalawo uli kuti?" anafunsa.

"Unatayidwa."

Anapukusa mutu n'kuseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe.

"Mwana iwe, lipoti linapita kale. Ndinasaina ndi dzanja langa kuti chinali chipolopolo, ndipo akuluakulu anandiyamikira kuti ndili maso. Tsopano ukufuna ndikwere sitima ndikawauze kuti ndinalowa pansi pa khonde chifukwa cha mwala wotsukira mapazi?"

Anayang'ana uku ndi uku, kenaka anatsitsa mawu.

"Ukanalankhula tsiku lomwe lija, anthu onse ali pomwepo, zidutswa zili pansi, bambo ako akanakukwapula, ine ndikanakutukwana, nkhani ikanatha. Lero palibe chimene ndingachite. Pita kwanu. Ndikadzamva kuti wauzanso wina, ndidzabwera kudzafunsa bambo ako zimene amaphunzitsa ana awo."

Anakwezanso wailesi. Ndinadzuka n'kubwerera kunyumba.

A Muhiwa sanabwerenso. Ena ankati anawapereka kwa asilikali a tsidya lija, ena ankati anadwala m'chitokosi, wina anati anawaona pa msasa wa othawa nkhondo kutali kumwera. Palibe amene anapita kukafunsa, chifukwa wofunsa za munthu wotero ankayamba kufunsidwa iyeyo. Bambo anaumba okha njerwa ina n'kutseka pamene panabooka paja, ndipo makasitomala anabwerera. Chitofucho chinatumikira zaka zambiri, thabwa ngakhale limodzi silinapse. Sindikudziwa ngati amayi anawauza bambo. Sanandifunsepo, ndipo sanandikwapulenso mpaka imfa yawo.

Mvula yoyamba itagwa, akazi a a Muhiwa anamanga kamtolo kawo n'kubwera kudzatsanzika. Anathokoza amayi chifukwa cha mpunga. Amayi ankayang'ana kumbali. Kenaka mayiyo anandiitana n'kundigwira paphewa.

"Iwe ndimakuona, sitima iliyonse umakhala uli pasiteshoni," anatero. "Bambo a mwanayu akadzatsika, udzawauze kuti tapita ku Chiuta, kwa mlongo wawo amene amayanika nsomba. Asadzavutike kutifunafuna. Udzakumbukira?"

Ndinati ndidzakumbukira.

Lero ndine mayi wa zidzukulu, ndipo nkhaniyi ndaitembenuza mbali zonse. Kwa zaka zambiri ndinkadzitonthoza kuti ndinali mwana, kuti olakwa enieni anali anthu akuluakulu amene anamanga munthu ndi chingwe pofuna kubisa manyazi awo. Zimenezo ndi zoona ndipo sindizichotsa. Nthawi zina ndimakayikanso mawu a a tcheyamani aja. Mwina ngakhale ndikanalankhula m'mawa uja akanawatengabe, mwina akanatenga ndi bambo anga omwe, monga amayi ankaopera. Amayi ndinawakwiyira nthawi yayitali, koma nditabereka ana anga ndinawamvetsa, ngakhale kuti sindinawavomereze.

Chimene sindingachithawe ndi ichi. Panali kanthawi kochepa, kosakwana ngakhale kumwa kapu ya tiyi, pamene mawu anga akanatha kukhala ndi ntchito. Anthu anali pomwepo, umboni unali pansi, munthu anali asanamangidwe, ndipo ankandiyang'ana. Kuthyola njerwa kunali kwa chibwana, kubisa mwala kunali kupusa, zonsezo ndinadzikhululukira kalekale. Koma kuyang'ana pansi kuja sindinakupezerebe dzina lofewa. Ndinkadzitama mumtima kuti pomaliza ndinalimba mtima n'kukanena zoona. Ndazindikira mochedwa kuti ndinazinena zitasiya kuthandiza munthu aliyense, kupatula ine amene ndinkafuna kupepukidwa.

Ndinachoka ku Nayuchi nditakwatiwa, ndipo tiyirumu ija inagwa kalekale. Ku Chiuta ndinapitako kamodzi ndili wamkulu, ndinafunsa m'madooko atatu, koma palibe amene ankamudziwa mayi uja kapena mlongo woyanika nsomba. Uthenga wake ndikadali nawo, sindinaupereke.